Mmene mungasankhire galu woteteza banja lanu osadzanong'oneza bondo

Anthu ambiri akaganiza zoweta galu woteteza pakhomo, chimabwera m'mutu ndi chigalu chachikulu chaukali choti munthu akangochiona pa geti miyendo izinjenjemera, nde amangofufuza pa intaneti kuti mtundu wolusa kwambiri ndi uti basi n'kukagula. Ine ndikuti tadikirani kaye. Galu ameneyu azikhala ndi ana anu tsiku ndi tsiku, aziona alendo anu, azikumana ndi mwana wa neba amene walowa kudzatola mpira wake, pomwe wakuba mwina adzabwera kamodzi pa moyo wonse wa galuyo kapenanso sadzabwera n'komwe. Ndipo ana ambiri amene amalumidwa salumidwa ndi galu wachilendo wamumsewu ayi, amalumidwa ndi galu wapakhomo pomwepo kapena wa anthu owadziwa. Nde galu amene mukumufuna ndi wamtima wokhazikika, wopanda mantha, wakumva mukamuuza kuti basi. Galu wongolusa osamva ndi ngozi ina imene mwailowetsa nokha mumpanda.

Choyamba dziwani ntchito imene mukufuna galuyo azigwira, chifukwa ntchitozi zilipo zitatu ndipo anthu amazisakaniza. Pali galu wochenjeza, amene akamva phazi lachilendo amauwa mpaka mutadzuka, ameneyu safunika kukhala wamkulu, ngakhale kagalu kakang'ono kamakutu akuthwa kamaitha bwinobwino ntchito imeneyi. Pali galu wolondera, amene kuwonjezera pa kuuwa amaima pakati pa munthu wachilendo ndi anthu ake, ndipo thupi lake lokhalo limamubweza munthu. Ndiye pali galu wophunzitsidwa kugwira munthu akalamulidwa n'kumusiya akalamulidwa, ngati a apolisi ndi asilikali aja, ameneyu amatenga zaka kuti aphunzire, ndi wodula zedi ndipo maphunziro ake sathera pa tsiku logula, amafuna kumakumbutsidwa moyo wake wonse. Mabanja ambiri amene akusowa ndi woyambayo kapena wachiwiriyo. Wakuba amadana ndi phokoso, amafuna alowe mwakachetechete atulukenso mwakachetechete, nde galu amene wauwa pa nthawi yake, magetsi n'kuyaka m'nyumba, ntchito yake waimaliza kale asanalume munthu.

Chachiwiri, musanayambe kusirira zithunzi za agalu yang'anani kaye moyo wanu, ndipo apa musadzinamize. Kodi pakhomo pamakhala munthu masana kapena nonse mumachoka m'mawa kubwera usiku? Muli ndi mpanda weniweni kapena mumakhala pa fulati? Ana anu ali ndi zaka zingati, alipo wokwawa? Alipo agogo oyenda ndi ndodo amene galu wa makilogalamu 50 atha kuwagwetsa mongosewera? Muli ndi mphaka, nkhuku kapena galu wina? Nanga amene azimuyendetsa pa chingwe ndi ndani, angathe kumugwira akafuna kuthamangira galu mnzake mumsewu? Agalu akuluakulu ambiri amakhala zaka 8 mpaka 12, nde werengerani chakudya, katemera, mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka zam'mimba pa zaka zonsezo, ndipo kumbukirani kuti mankhwala ambiri a ziweto amaperekedwa potengera kulemera kwa thupi, galu akakula bilu nayonso imakula. Komanso nthawi, ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse oyenda naye ndi kumuphunzitsa. Ngati nthawi imeneyi mulibe kuli bwino ndalamazo muike pa maloko abwino, magetsi apanja ndi alamu, musamuzunze galu.

Pomwepo fufuzaninso malamulo a komwe mukukhala chifukwa mayiko ena analetsa mitundu ina. Ku Britain lamulo la Dangerous Dogs Act la 1991 linaletsa Pit Bull Terrier, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro, ndipo kuyambira mu Febuluwale 2024 ku England ndi Wales ndi mlandu kukhala ndi XL Bully popanda chikalata chapadera. Ku Denmark mu 2010 analetsa mitundu 13, Boerboel ndi Kangal ali momwemo. Ngati mumachita lendi funsani landilodi, ngati nyumba ili pa inshuwalansi funsani kampaniyo chifukwa ena sakulipirani galu wa mtundu winawake akavulaza munthu. Ndipo m'mayiko ambiri galu akaluma munthu wosalakwa, woyankha mlandu ndi mwini wake.

Chachitatu nde ichi cha mitundu, ndipo apa ndichedwapo.

Ndiyambe ndi German Shepherd chifukwa kwa banja la ana lomwe lili ndi nthawi, ine ndimaona kuti ndi amene amakwanira mbali zambiri. Amene anakhazikitsa mtunduwu ndi Max von Stephanitz ku Germany mu 1899, iyeyu ankafuna galu woweta nkhosa wanzeru ndi womvera, nde mpaka lero ndi galu amene maso ake amakhala pa mwini wake kudikira kuti auzidwe chochita. Wamphongo amalemera makilogalamu 30 mpaka 40, wamkazi 22 mpaka 32, amaphunzira msanga, ana apakhomo amawakonda ndipo alendo sawasangalalira kwenikweni komanso sawalumphira. Mavuto ake muwadziwiretu, ubweya umathothoka chaka chonse, ambiri amavutika ndi mafupa am'chiuno, ndipo poti ndi wotchuka alipo ambirimbiri oberekedwa mwachisawawa ndi anthu ongofuna ndalama, amenewa nthawi zambiri amakhala amantha, ndipo German Shepherd wamantha ndi woopsa kuposa wolimba mtima chifukwa amaluma asanaganize. Akasowa chochita amakumba, amatafuna zinthu, amauwa usiku wonse mpaka maneba kukudandaulani.

Rottweiler dzina lake linachokera ku tawuni ya Rottweil, ku Germany komweko, komwe ogulitsa nyama ankamugwiritsa ntchito yokusa ng'ombe ndi kukoka tingolo. Wamphongo amafika makilogalamu 50 kapena kuposerapo. Wobadwa bwino ndi woleredwa bwino amakhala wodekha, sauwauwa pachabe, amayamba wamuyang'anitsitsa kaye munthu asanachite kanthu, ndipo pa anthu ake ndi wachikondi kwambiri. Koma amakonda kutsamira anthu ndi kuwakankha ndi thupi, nde ngati muli ndi mwana wa zaka 2 ndi zoti muziyang'anira, komanso amafuna mwini wosasinthasintha malamulo, osati lero kumulola kukwera pa mpando mawa kumukalipira. Ngati simunawetepo galu wamkulu musayambire apa. Moyo wakenso ndi waufupi ndithu, zaka 8 mpaka 10, ndipo khansa ya m'mafupa imawagwira ambiri.

Dobermann anapangidwa kuti aziteteza munthu amene akuyenda naye. Karl Friedrich Louis Dobermann anali wotolera msonkho m'tawuni ya Apolda ku Germany chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ntchito yoti anthu sakukondwera nawe ndipo uli ndi ndalama m'thumba, nde anafuna galu waliwiro, watcheru, wosachoka pambali pake. Mpaka pano ndi choncho, amamatirira mwini wake ndipo akamasiyidwa yekha maola ambiri amasokonezeka mutu. Ubweya wake ndi waufupi kwambiri nde kumalo ozizira sangagone panja. Vuto lalikulu la mtunduwu ndi matenda a mtima otchedwa dilated cardiomyopathy, galu amatha kungogwa n'kufa akuoneka wathanzi, nde funsani ngati makolo ake anapimidwa mtima. Zodula makutu ndi mchira zija zisiyeni, sizimuwonjezera kulimba mtima ndipo mayiko ambiri a ku Europe anaziletsa.

Bullmastiff anachokera ku England m'zaka za m'ma 1800, alonda a nkhalango za anthu olemera ankamufuna kuti azitsatira opha nyama mozemba mwakachetechete, n'kumugwetsa munthu n'kumupanikiza pansi osamung'amba mpaka mlonda afike. A Kennel Club, bungwe lolembetsa mitundu ya agalu ku Britain, anamuvomereza ngati mtundu mu 1924. Ndi wolemera, makilogalamu 50 mpaka 59 wamphongo, wofatsa m'nyumba, safuna kuthamanga kwambiri, nde kwa banja lomwe silingakwanitse maulendo ataliatali ndi wabwino. Koma dziwani kuti sauwa kawirikawiri nde ngati mukufuna wokudzutsani si ameneyu, amatuluka dovu lambiri, ndipo mphuno yake yaifupi imamuvutitsa kukatentha. Boxer naye mphuno ndi yomweyo yaifupi, koma iye ndi wamasewera, amachedwa kukhwima maganizo, amapirira phokoso la ana ndipo munthu wachilendo akafika amauwa mokwanira. Ngati cholinga chanu chachikulu ndi mnzawo wa ana amene azichenjezanso, muganizireni.

Boerboel anachokera m'mafamu a ku South Africa ndipo wamphongo amatha kupitirira makilogalamu 70. Ndi wolondera weniweni, malo ake amawadziwa ndipo salola zachibwana, koma ndinene mosabisa kuti galu wotere akasankha kupita kwinakwake munthu mmodzi simungamubweze ndi chingwe, chomubweza ndi maphunziro amene munamupatsa ali wamng'ono basi. Cane Corso wa ku Italy ndimamuika gulu lomwelo, ndi wa anthu odziwa kale agalu. Rhodesian Ridgeback, uja wa mzere wa ubweya woyang'ana kutsogolo pamsana, malamulo a kaonekedwe kake analembedwa ku Bulawayo mu 1922, ntchito yake inali kuzungulira mkango n'kuuchedwetsa mpaka mlenje afike. Amapirira kutentha, ubweya ndi wosavuta, alendo sawalabadira, koma ali ndi maganizo akeake ndipo akaona chinthu chikuthawa amachithamangitsa, nde mphaka ndi nkhuku zanu muziganizire.

Belgian Malinois ndi amene ndikupemphani kuti musamugule chifukwa cha mavidiyo a pa Facebook ndi YouTube aja akudumpha makoma. Agalu amenewo ali ndi anthu amene ntchito yawo tsiku lonse ndi galuyo. Malinois wopanda ntchito amadzipezera yekha ntchito, ndipo nthawi zambiri ntchitoyo imakhala kuthamangitsa ndi kugwira ndi mano chilichonse choyenda, kuphatikizapo mwana amene akuthamanga pabwalo. Agalu olondera ziweto ngati Kangal ndi Anatolian Shepherd nawonso ndi a ntchito ina, ku Namibia bungwe la Cheetah Conservation Fund lakhala likuwapereka kwa alimi kuyambira mu 1994 kuti aziteteza mbuzi ndi nkhosa ku zilombo, nde pafamu ndi abwino zedi koma pa kampanda kakang'ono mutawuni azingouwa usiku ndi kufunafuna potulukira.

Ndipo musamunyoze galu wosakanizika mitundu. Wamkulu pang'ono, watcheru, wokonda anthu ake, ntchito yochenjeza amaigwira chimodzimodzi ndi wa mapepala.

Chachinayi, mtundu mwasankha, koma dziwani kuti mtundu ndi poyambira chabe. Mu 2022 magazini ya Science inatulutsa kafukufuku wa agalu opitirira 18,000 amene anapeza kuti mtundu umangofotokoza pafupifupi 9 pa 100 ya kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi galu. Kutanthauza kuti ma Rottweiler awiri atha kusiyana kutalitali, nde simukugula dzina la mtundu, mukugula galu mmodzi uyu amene ali patsogolo panu. Pitani nokha kwa woweta, musalole zokumana pamsewu kapena zongokutumizirani kagalu mutaona chithunzi pa foni. Muone mayi wake ndi maso anu, ngati n'kotheka bambo wakenso. Mayi amene akubisala kuseri, mchira uli pakati pa miyendo, kapena amene mwini wake akuopa kumutulutsa pamaso panu, ameneyo wakuuzani kale za ana ake, chifukwa mantha amachokera ku magazi komanso tiana timatengera zimene tikuona kwa mayi. Muone pomwe tikukhala, kodi ndi poyera, kodi timamva phokoso la m'nyumba ndi kugwiridwa ndi anthu kapena tangotsekeredwa mukhola kuseri. Funsani mapepala a ekisireyi ya m'chiuno ndi m'zigongono ya makolo onse awiri, ku America amapereka a bungwe la OFA lomwe linayamba mu 1966 ndipo amatsimikiza galu akakwana miyezi 24, mayiko ena ali ndi njira zawo zofanana nazo. Woweta wabwino nayenso amakufunsani mafunso ambiri ndipo amavomera kudzamulandiranso galuyo zikakuvutani. Amene akukuuzani kuti agalu anga ndi olusa zedi ngati chokopera malonda, tembenukani muzipita.

Kagalu kasachoke kwa mayi ake kasanakwane masabata 8. M'masabata omalizawo ndi momwe kamaphunzira kwa mayi ndi abale ake kuti kuluma mwamphamvu kumapweteka ndipo masewera amatha, nde kotengedwa pa masabata 5 kamakula kosadziwa kuchepetsa mano. Posankha pakati pa tiana khalani pansi muzitiyang'ana kwa kanthawi. Musatenge kamene kakubisala pakona chifukwa chokamvera chisoni, komanso musatenge kamene kakupondereza anzake onse poganiza kuti nde kolimba mtima. Gwetsani makiyi pansi muone, kabwino kamadzidzimuka pang'ono kenako n'kubwera kudzanunkhiza. Kudzidzimuka si vuto, chofunika ndi kubwerera msanga mwakale. Wamphongo kapena wamkazi? Onse amalondera, wamkazi amakhala wocheperapo thupi nde amagwirika mosavuta, ndipo ngati muli kale ndi galu pakhomo tengani wosiyana naye chifukwa amphongo awiri kapena aakazi awiri a mitundu imeneyi amakonda kumenyana. Njira ina ndi kutenga galu wamkulu kumalo osungira agalu osowa pokhala, ubwino wake khalidwe lake mumaliona kale, koma funsani mbiri yake ndi ana ndipo mukamuone kangapo musanamutenge.

Chachisanu ndi kwa dokotala wa ziweto, sabata yoyamba yomweyo. Katemera wa matenda a agalu a parvo ndi distemper amayamba pa masabata 6 mpaka 8 n'kumabwerezedwa pakatha masabata 3 kapena 4 mpaka kakwane masabata 16, wa chiwewe nthawi zambiri pa masabata 12. Wa chiweweyu musamachite naye ulesi, a WHO amati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu, nde galu wopanda katemera sangatchedwe woteteza banja. Funsaninso za mankhwala a njoka zam'mimba, nkhupakupa ndi utitiri, komanso nthawi yabwino yomuthena, kwa mitundu ikuluikulu madokotala ambiri amakonda kudikira kuti mafupa akhwime kaye. Kagalu ka mtundu waukulu kasanenepe ndipo musamathamange nako mitunda italiitali kakadali kukula, mumawononga chiuno. Akakula muzimupatsa chakudya kawiri pa tsiku osati mulu umodzi, ndipo asathamange atangodya kumene, chifukwa agalu a chifuwa chakuya ngati German Shepherd ndi Dobermann chifu chimatha kufufuma n'kupotokola. Mukaona mimba yatupa, akuyesa kusanza koma sikutuluka kanthu, akusowa mtendere, thamangirani kwa dokotala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku chifukwa zimapha m'maola ochepa.

Chachisanu ndi chimodzi ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, ndipo ine zimandipweteka mtima. Pali maganizo oti galu akazolowera anthu sadzauwa akuba, nde ena amamutsekera mumdima tsiku lonse, ena amamumana chakudya, ena amamumenya kapena kuuza anthu kuti azimuputa kuti akwiye. Chimene mumapeza pamenepo ndi galu wamantha amene aliyense kwa iye ndi mdani, mlendo wanu, mwana wa mchemwali wanu, munthu wodzakonza paipi, ndipo tsiku lina inu nomwe. Galu amazindikira chachilendo pokhapokha ngati akudziwa bwino chozolowereka. John Paul Scott ndi John Fuller, amene anafufuza tiana ta agalu kwa zaka zambiri ku Bar Harbor ku America, anaonetsa kuti kuyambira masabata 3 mpaka cha m'ma masabata 12 ndi nyengo imene kagalu kamaphunzira kuti ichi n'chabwinobwino ichi n'choopsa, ikadutsa nyengo imeneyi zimavuta kukonza. Nde ngati mwakatenga pa masabata 8 mwatsala ndi mwezi umodzi chabe kapena kupitirirako pang'ono. Kaonetseni azibambo, azimayi, ana, okalamba, anthu ovala zipewa ndi yunifolomu, njinga, galimoto, phokoso la mashini, masitepe, zonse mofatsa, kakachita mantha bwererani m'mbuyo pang'ono osakakakamiza. Poti katemera sanathe, kanyamuleni m'manja mukamapita kumalo a anthu ambiri, ndipo kazisewera ndi agalu okhawo amene mukudziwa kuti analandira katemera. Mtima wolondera musade nawo nkhawa, umabwera wokha galu akamakhwima, ena pa chaka ndi theka ena mpaka zaka 2 kapena 3, nde musakhumudwe kuona Rottweiler wa miyezi 7 akugwedezera mchira aliyense.

Kenako maphunziro a kumvera, kuyambira tsiku loyamba. Mawu ofunika ndi ochepa, bwera, khala pansi, siya, pamalo pako, ndi chete. Mphindi 5 kapena 10 kawiri katatu pa tsiku zimaposa ola lathunthu kamodzi pa sabata. Akachita bwino mupatseni kachakudya kapena chidole pompopompo, mukachedwa sadziwa kuti mukumuyamikira chani. Nonse m'nyumba muzigwiritsa ntchito mawu amodzimodzi. Mukamuitana n'kubwera musamulange ngakhale atalakwa chotani, apo ayi mawa sabweranso, ndipo bwera ndi mawu amene tsiku lina adzapulumutsa mwana wa munthu pa geti. Za kuuwa chitani chonchi, wina agogode pa geti, galu akauwa kawiri katatu pitani mukaone, muyamikireni, kenako nenani chete ndipo akangosiya mupatseni mphotho. Akuphunzira kuti ntchito yake ndi kukuitanani, zogamula kuti munthuyu alowe kapena ayi ndi zanu. Pakati pa miyezi 6 ndi 18 adzakhala ngati waiwala zonse, ndi unyamata chabe, pitirizani osatopa.

Ana nawonso aphunzitseni, ndipo lamulo lalikulu ndi lakuti mwana wamng'ono ndi galu asatsale awiriwiri popanda wamkulu, kaya galuyo ndi wofatsa bwanji. Asamukwere pamsana, asamukumbatire m'khosi, asamukoke makutu, asamuyandikire akamadya kapena akagona. Anzawo a ana anu akabwera kudzasewera galu akhale kwina, chifukwa masewera ogwetsana ndi kukuwa aja galu wolondera amatha kuwaona ngati mwana wapakhomo pake akumenyedwa. Inuyo phunzirani kuwerenga thupi lake, akamanyambita milomo, kuyasamula, kutembenuza nkhope, kuonetsa koyera kwa maso, kuuma thupi gwa, akukuuzani kuti zamukwana. Akachita kaphokoso kapakhosi kaja ka grrr musamumenye, chotsani mwanayo kaye kenako fufuzani chomwe chamuvuta, mwina akumva kupweteka penapake. Galu wolangidwa chifukwa chochenjeza amasiya kuchenjeza, tsiku lina amangoluma.

Tsopano za pokhala pake. Mpanda ukhale wautali, pafupifupi mamita 2 kwa mitundu yodumpha, pansi posakumbika, geti lotsekeka bwino, ndipo ikani chikwangwani choti pano pali galu. Tcheni ayi. Galu womangidwa tsiku lonse amakhala wokwiya ndipo alibe kothawira akaopa, nde amaluma amene wafika pafupi, amene nthawi zambiri amakhala mwana, pomwe wakuba amangodutsa pomwe tcheni sichifika. Ine ndimakonda kuti galu azigona m'nyumba kapena pafupi kwambiri ndi chitseko, pazifukwa ziwiri, amateteza kwambiri anthu amene amakhala nawo, komanso akuba ena amaponya nyama ya poizoni kudutsa pa mpanda. Kumuphunzitsa kukana chakudya cha alendo kumathandiza koma musakudalire, galu ali yekha usiku fungo la nyama limamugonjetsa. Alendo akafika muuzeni pamalo pako, alowe akhale pansi, kenako mubweretseni pa chingwe awanunkhize, ndipo ngati mlendo amaopa agalu mutsekereni m'chipinda basi palibe chochititsa manyazi.

Ngati mwafikadi poti mukufuna galu wophunzitsidwa kugwira munthu, musayese nokha ndi chiguduli pamkono. Pezani mphunzitsi wodziwa, mwachitsanzo wa masewera a IGP, amene kale ankatchedwa Schutzhund, omwe amayesa galu pa zinthu zitatu, kutsata fungo, kumvera ndi kuteteza, ndipo galu wokana kusiya akauzidwa amalephera mayeso. Mphunzitsi wabwino amayamba wamuyesa galu wanu ngati mtima wake ndi wokhazikika ndipo amatha kukukanirani. Pitani mukaonerere mmene amaphunzitsira, mukaona agalu akumuopa, kapena akulonjeza kuti pa masabata awiri galu wanu akhala wolusa, musamusiyire galu wanu.

Nanga zikachitika kuti galu waluma munthu, kaya wapakhomo kaya mlendo? Mutsekereni kaye galuyo, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likuoneka laling'ono, mutenge ndi khadi la katemera wa galuyo. Galuyo amayenera kusungidwa n'kumayang'aniridwa kwa masiku 10 kuti aone ngati pali zizindikiro za chiwewe, nde musamutaye kapena kumupereka kwa wina mwakachetechete. Dokotala wa ziweto amupime ngati akudwala kapena akumva ululu, kenako pezani katswiri wa khalidwe la agalu ndipo mumuuze zonse mmene zinachitikira osabisa kanthu, anali kudya, anali kugona, anachenjeza kaye kapena ayi. Mpaka katswiriyo atamuona n'kukuuzani chochita, galuyo asakumanenso ndi ana, ndipo potuluka naye panja azivala chotchinga kukamwa.